Khutba ya Lachisanu: Mayina Asanu Pachikuto, Dzanja Limodzi M'kati

KHUTBA YOYAMBA

Kutamandidwa konse n'kwa Allah, Mbuye wa zolengedwa zonse, amene adagawa nzeru pakati pa akapolo ake osaziunjika m'mutu umodzi. Tikuikira umboni kuti palibe wopembedzedwa m'choonadi koma Iye yekha, ndi kuti Muhammad ndi kapolo wake ndiponso Mtumiki wake. Madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, pa akubanja kwake ndi pa Maswahaba ake onse.

Pambuyo pa izi, inu akapolo a Allah, tikudzilangiza tokha ndi kukulangizani inu kuti timuope Allah poyera ndi mseri, mumzikiti ndi m'kalasi momwe.

Abale athu ndi alongo athu m'Chisilamu, ana athu amene ali kusekondale kuno ku Chifunde, ndi anzawo amene adatsikira ku Tete, ku Instituto Superior Politécnico kapena ku Universidade Púnguè, ndi ena amene akuphunzira zaulimi ku Ulónguè, onsewa amawadziwa bwino mawu awa a Chipwitikizi: trabalho em grupo. Mphunzitsi amagawa ophunzira asanuasanu, nawapatsa mutu woti akafufuze, nawauza tsiku lobweretsa ntchitoyo. Ife makolo timangoimva ntchitoyi pamene mwana akupempha ndalama yosindikizira mapepala, ndipo tikapereka ma meticais aja timayesa kuti tathana nazo.

Zimene zimachitika m'magulu ambiri n'zodziwika. Amene amalankhula Chipwitikizi mosadodoma, amenenso ali ndi kompyuta kapena foni yabwino, amalemba ntchito yonse usiku umodzi, gawo lalikulu akungotola pa intaneti. Anayi otsalawo amasonkha ya mapepala. Pachikuto palembedwa mayina asanu, ndipo mphunzitsi apereka nota imodzi kwa onse. Wina anena kuti imeneyi ndi nkhani ya kusukulu, siyenera kukwera pa mimbari. Ife tikuti iyenera, chifukwa m'katimo muli zinthu ziwiri zimene chipembedzo chathu sichizipeputsa. Dzina lolembedwa pa ntchito imene mwini dzinalo sadaigwire ndi umboni wabodza. Ndipo munthu amene wakhalitsidwa chete m'gulu amapita kwawo ndi chimene Allah adamusungitsa, chomwe mwina ndicho gululo linkachisowa.

Kuti timvetse zimenezi, tiyeni tione kafukufuku wolemera koposa amene Asilamu adachitapo, ndiye kusonkhanitsa Qur'an yolemekezeka m'buku limodzi.

Mtumiki (s.a.w) adamwalira m'chaka cha 632. Qur'an yonse idali m'mitima ya anthu, idalinso yolembedwa, koma mobalalika: pa nthambi za kanjedza, pa miyala yopyapyala, pa zikopa ndi pa mafupa a phewa. Posakhalitsa kudabuka nkhondo ya Yamama, ndipo ambiri mwa oloweza Qur'an adaphedwa kumeneko. Umar (r.a) adapita kwa Khalifa Abu Bakr (r.a) ndi maganizo oti zolembedwazo zisonkhanitsidwe pamodzi. Abu Bakr poyamba adakana, poopa kuchita chinthu chimene Mtumiki sadachite. Umar sadakwiye n'kuchoka. Adabwerezabwereza mpaka mtima wa mnzake udatseguka. Taonani pamenepa kuti ntchito yaikuluyi idayamba ndi kusiyana maganizo kwa anthu awiri okondana.

Ndipo adamusankha ndani kuti atsogolere? Ku Madina kudali akuluakulu amene adamenya nkhondo ya Badr. Koma adaitana Zayd ibn Thabit (r.a), mnyamata amene adali asadafike zaka 25. Adamusankha chifukwa adali mlembi wa chivumbulutso, wanzeru, ndi wopanda mbiri yokayikitsa. Zayd yemweyo adali ataloweza Qur'an. Akadafuna, akadatseka chitseko n'kulemba zonse kuchokera m'mutu mwake, monga amachitira mwana wa kompyuta uja. Sadatero. Anthu adaitanidwa kuti aliyense abweretse chimene adalandira kwa Mtumiki, ndipo cholembedwa chinkalandiridwa pokhapokha pali mboni ziwiri. Zayd adayenda kufunafuna kachidutswa ndi kachidutswa. Ndime ziwiri zomaliza za Surat Tawba adazipeza zolembedwa kwa munthu mmodzi yekha, Abu Khuzayma wa mwa ma Ansar.

Pamenepa tiimepo pang'ono. Allah adalonjeza yekha kulisunga Buku lake, ndipo silikadatayika. Koma njira imene adalisungira idadzera pakhomo la munthu amene ambiri a ife sitidziwa za iye china chilichonse. Akadakhala kuti Zayd adangofunsa otchuka okhaokha, sakadafika pakhomo limenelo. Mapepalawo atatha adakhala kwa Abu Bakr, kenaka kwa Umar, ndipo pambuyo pake adasungidwa ndi mayi, Hafsa (r.a), mkazi wa Mtumiki.

M'nthawi ya Uthman (r.a), cha m'ma 650, Hudhayfa ibn al-Yaman adabwera kuchokera kunkhondo za ku Armenia ndi Azerbaijan ali wodandaula kuti asilikali akukangana pa kawerengedwe. Uthman adabwereka mapepala aja kwa Hafsa nakhazikitsa gulu la anthu anayi: Zayd wa ku Madina, ndi Akuraishi atatu, Abdullah ibn al-Zubayr, Sa'id ibn al-As ndi Abdur-Rahman ibn al-Harith. Asanayambe, adawapatsa lamulo la chochita akadzasiyana: kuti adzatsate chilankhulo cha Akuraishi, chimene Qur'an idatsikira. Ndipo adasiyanadi, pa chilembo chomaliza cha liwu limodzi, lija lotanthauza bokosi la chipangano. Nkhaniyo adaitengera kwa Khalifa ndipo idathera pomwepo. Mtsogoleri wa gululo, wodziwa ntchitoyo kuposa onse, maganizo ake sadapambane tsiku limenelo, ndipo sadataye cholembera. Ana athu, gwirizanani za njira yothetsera mkangano mkanganowo usanafike. Mukadikira kuti mitima itenthe, wopambana amakhala wa mawu okwera.

Tsopano tibwere kwathu kuno. Tiyerekeze kuti gulu la ophunzira asanu lapatsidwa kuti lifufuze za mbozi zija zodya chimanga, zimene Apwitikizi amazitcha lagarta do funil chifukwa zimabisala mumtima mwa mmera. Mbozizi zidaoneka mu Africa m'chaka cha 2016 ndipo zidafika m'dziko lathu mu 2017. Pa intaneti wophunzira apeza dzina lake la sayansi ndi zithunzi zokongola. Koma funso limene lingathandize mlimi wa ku Mualadzi kapena ku Nsadzu ndi lina: zimayamba liti m'minda yathu ino, zimasakaza kwambiri chimanga chobzalidwa msanga kapena mochedwa, nanga amene amathira phulusa kapena mchenga mumtima mwa mmera aona zotani? Mayankho amenewa sali ku Maputo. Ali m'mitu ya alimi, ndipo alimiwo sayankha m'Chipwitikizi.

Tsono tayang'anani gulu lija. Mnyamata wa kumudzi amene anzake amamuseka akalakwitsa mneni wa Chipwitikizi, ndiye amene adziwa kuti m'mudzi simuyamba kufunsa anthu musanaonekere kwa amfumu. Ndiye amene adziwa kukhala pansi, kuomba m'manja, ndi kutembenuza funso la pa pepala kuti likhale funso limene gogo angaliyankhe popanda kuganiza kuti mwatumidwa ndi a msonkho. Mtsikana amene anzake amangomupatsa ntchito yokongoletsa chikuto, ndiye amene amayi adzamasuka naye, ndipo amayiwo ndi amene amakhala nthawi yaitali m'munda akupalira, n'kumaona mbozi zikadali zazing'ono. Wina makolo ake adathawira ku Malawi kapena ku Ukwimi m'dziko la Zambia pa nthawi ya nkhondo imene idatha mu 1992, ndipo pakhomo pawo padatsala Chingerezi. Ameneyo angawerengere anzake zimene akatswiri a maiko oyandikana nafe adalemba. Wina ndi wochedwa pakamwa koma wolondola pa masamu. Wa kompyuta uja nayenso ali ndi gawo lake, ndipo ndi gawo lolemekezeka, koma iye ndi Zayd wa gululo: ntchito yake ndi kusonkhanitsa ndi kulemba mokhulupirika zimene anzake abweretsa. Zayd mwiniwake adaphunzira malemba a Ayuda atalamulidwa ndi Mtumiki, kuti azitha kuwerenga makalata awo. Chilankhulo chilichonse chimene chili m'gulu ndi khomo. Musanyoze Chinyanja chanu pamaso pa Chipwitikizi, ndiponso mukafika ku Tete musanyoze mnzanu wa Chinyungwe.

Akuluakulu adati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. M'chaka chachisanu cha Hijra, chomwe ndi 627, magulu ankhondo a Akuraishi ndi owathandiza adanyamuka kudzazinga Madina. Mtumiki (s.a.w) adasonkhanitsa anthu kuti akambirane. Nzeru yokumba ngalande kumbali yotseguka ya mzinda idachokera kwa Salman (r.a), Mperisiya, munthu amene adali kapolo posachedwapa. Aarabu sankaidziwa njira imeneyo. Salman sakadalankhula pakadapanda wina womupatsa mpata, ndipo mawu ake sakadapindula pakadapanda omumvera.

Olemba mbiri amanenanso za momwe ntchito yokumbayo idagawidwira: anthu khumi aliwonse adapatsidwa chigawo chawo choyezedwa, mikono makumi anayi. Palibe amene akadanena kuti sadziwa pokumba. Ichi ndicho chimasowa m'magulu a ana athu. Mtsogoleri amangoti tonse tigwire ntchito, ndipo aliyense amayembekeza mnzake. Gawani momveka: uyu akafunse alimi a mudzi wakuti, uyu awerenge mimera yodyedwa m'mizere yakuti, tidzakumane Lachitatu pambuyo pa Asr. Mtumiki yekha adanyamula dothi mpaka fumbi lidaphimba thupi lake, ali ndi njala monga anzake. Tsono shefi wa gulu amene amangotumiza mauthenga pa WhatsApp ali gone, akutsanzira ndani?

Padalinso ena pa ngalande paja amene ankagwira pang'ono n'kuzemba kupita kwawo osatsanzika. Mbiri idawatcha dzina lawo, achiphamaso. Sitikunena kuti mwana waulesi watuluka m'Chisilamu, ayi. Tikunena kuti khalidwe limenelo lili ndi eni ake, ndipo Msilamu ayenera kuchita manyazi kufanana nawo. Kudya nota imene mnzako adaikhetsera thukuta n'chimodzimodzi kukolola m'munda umene sudalime. Ndipo nota imeneyo siimathera m'kalasi. Imasanduka satifiketi, satifiketi isanduka ntchito, ntchito isanduka malipiro amene udzadyetsa ana ako. Namwino amene adadutsa ndi dzina lokha pachikuto, tsiku lina adzagwira jakisoni pa mkono wa mayi ako.

Komanso tisamukhululukire msanga wolemba yekha uja. Iye amadziona ngati wolakwiridwa, amati anzanga ndi aulesi. Nthawi zina n'zoona. Nthawi zambiri iye ndiye sadafune kudikira wochedwa, sadafune kumva Chipwitikizi chothyoka, adaona kuti kufotokozera mnzake kumutayitsa nthawi. M'menemo muli kudzikweza, ngakhale kutavala malaya a khama. Ndipo akalemba mayina a anzake amene iye mwini adawatsekera kunja, umboni wabodza uja waulemba ndi dzanja lake.

Kumbukirani chifukwa chimene idatsikira Surat Abasa. Mtumiki (s.a.w) adali kulankhula ndi akuluakulu a Akuraishi, akuyembekeza kuti alowa Chisilamu. Padafika Abdullah ibn Umm Maktum (r.a), munthu wosaona, akufuna kuphunzitsidwa. Mtumiki adakwinya nkhope natembenukira kumbali. Wosaonayo sakadaiona n'komwe nkhopeyo, koma Allah adaiona, ndipo adadzudzula wokondedwa wake m'ndime zimene tikuziwerenga mpaka lero. Pambuyo pake Ibn Umm Maktum adakhala woitanira Swala pamodzi ndi Bilal, ndipo Mtumiki akatuluka ulendo ankamusiya kuti atsogolere anthu ku Madina. Sadangomumvera chisoni; adamupatsa udindo. M'makalasi mwathu muli ana osamva bwino, achibwibwi, achialubino amene maso awo savomera zilembo zazing'ono, ndi oyenda ndi ndodo. Magulu akamasankhana, amenewa ndiwo amatsala ataima. Mnyamata wa Chisilamu akhale woyamba kunena kuti bwera kwathu, ndipo akabwera amupatse chigawo chenicheni cha ngalande.

Za atsikana tinene mosabisa, chifukwa tikudziwa nkhawa ya makolo. Chipembedzo chili ndi malire pakati pa mnyamata ndi mtsikana, ndipo malirewo sachoka chifukwa cha sukulu. Gulu likumane masana, poyera, m'kalasi kapena pakhonde pamene pali akuluakulu, ndi mavalidwe ndi malankhulidwe oyenera. Koma malire ndi njira yoti mtsikana aphunzire motetezeka. Amene amawasandutsa chifukwa chomutsekera m'nyumba kuti anzake azimulembera dzina, wamuphunzitsa bodza ndipo wamumana maphunziro. Aisha (r.a) ankakonza zolakwa za Maswahaba akuluakulu pa nkhani za Hadith, kotero kuti Imam al-Zarkashi, amene adamwalira mu 1392, adalemba buku lathunthu losonkhanitsa zokonza zakezo.

Kuno kwathu Asilamu ndife ochepa, choncho anzanu ambiri m'gulu adzakhala Akhristu kapena a miyambo ya makolo. Palibe choletsa. Nkhondo ya Badr itatha mu 624, akaidi ena odziwa kulemba adadziombola pophunzitsa ana khumikhumi a ku Madina, ndipo aphunzitsiwo sadali Asilamu. Ku Baghdad, womasulira wamkulu wa mabuku a zamankhwala a Agiriki adali Mkhristu, Hunayn ibn Ishaq, amene ankagwira ntchito ndi mwana wake ndi mphwake. Uzani anzanu poyamba pomwe kuti Lachisanu masana muli ku Jumu'a, nanunso mulemekeze Lamlungu kapena Loweruka lawo. Ambiri a iwo sadzatsegula Qur'an. Chisilamu adzachiwerenga pa kusunga kwanu nthawi ndi pa kukana kwanu kunama.

Chotsala ndi kutsutsana. Ana ambiri amaganiza kuti gulu labwino ndi limene onse amangovomera. Imam Abu Hanifa, amene adamwalira mu 767, sankaphunzitsa motero ku Kufa. Ankaponya funso pakati pa ophunzira ake, aliyense n'kunena umboni wake, nthawi zina kwa masiku angapo, kenaka yankho n'kulembedwa. Ophunzira ake awiri otchuka, Abu Yusuf ndi Muhammad al-Shaybani, adasiyana naye pa nkhani zambiri, ndipo maganizo awo adasungidwa m'mabuku pambali pa a mphunzitsi wawo. Abu Yusuf adali mwana wosauka, ndipo Imam ankamupatsa ndalama kuti asasiye bwalo la maphunziro. Pambuyo pake adakhala mkulu wa oweruza ku Baghdad. Ambiri a ife timatsata Imam Shafi'i, koma tisaiwale kuti nayenso adakhala pansi kuphunzira kwa al-Shaybani yemweyo. Choncho ngati mmodzi mwa inu wapeza kuti chiwerengero cha m'munda sichikugwirizana ndi chimene anayi akufuna kulemba, musamuuze kuti akuchedwetsa anzake. Bwererani kumunda mukawerengenso.

Tikunena mawu athu awa, ndipo tikupempha chikhululuko kwa Allah pa ife ndi pa inu. Mupempheni chikhululuko, pakuti Iye ndi Wokhululuka, Wachisoni.

KHUTBA YACHIWIRI

Kutamandidwa n'kwa Allah, ndipo madalitso ndi mtendere zikhale pa Mtumiki wake.

Inu makolo, gawo lanu silithera pa ndalama ya mapepala. Mwana akabwera kudzapempha, mufunseni kuti iwe wachitapo chiyani pa ntchitoyi, ndipo akufotokozereni m'chilankhulo chathu. Simufunika kudziwa Chipwitikizi kuti muzindikire ngati akudziwa chimene akunena. Ngati mutu wake ndi wa ulimi, wa madzi a mu Luia ndi mu Kapoche, wa fodya, kapena wa golide amene achinyamata akukumba ndi mankhwala amene amatsukira, mwina inuyo ndinu mboni imene gululo likuifuna. Ophunzira akafika pakhomo panu ndi kope, ayalireni mphasa ndipo muwayankhe zoona, ngakhale asakhale ana anu.

Nanunso ophunzira, mukalandira nzeru kwa munthu, nenani kumene mwaitenga. Akatswiri a Hadith sankalandira mawu opanda mndandanda wa amene adawanena, kuchokera kwa uyu, kuchokera kwa uyu, mpaka kwa Mtumiki. Chimene aphunzitsi anu amachitcha bibliografia, makolo athu m'chipembedzo adachisamala kalekale. Zimene mwatenga m'buku kapena pa intaneti zitchuleni, ndipo zimene adakuuzani alimi muzilembe kuti ndi za alimi, atakulolani. Mukamaliza, bwererani kumudziko mukawauze zimene mwapeza.

Tikudziwa kuti ena amalephera kufika pa gulu popanda ulesi. Nthawi ya dzinja mwana amafunika kumunda, mitsinje imadzaza, kwawo n'kutali, netiweki imapezeka pachulu pokha. Umar (r.a) adali ndi vuto lofanana. Ankakhala kumtunda kwa Madina, kutali ndi mzikiti, ndipo sakadatha kusiya ntchito tsiku lililonse. Adapangana ndi mnansi wake wa mwa ma Ansar kuti azisinthana: lero atsika uyu kukamva kwa Mtumiki, madzulo n'kudzafotokozera mnzake zonse, mawa atsika winayo. Amene walephera kufika atumize mawu msanga, ndipo amene afika amutengere nkhani yonse ndi chigawo chimene angagwire ali kwawo. Wosowa ndalama yosonkha asachotsedwe pa chikuto ngati adagwira ntchito. Amene ali nazo amulipirire mwakachetechete, monga ankachitira Abu Hanifa. Khonde la mzikiti uno ndi lotseguka pakati pa Dhuhr ndi Asr kwa gulu lililonse losowa pokumanira, pamodzi ndi anzawo amene si Asilamu, malinga asunge ulemu wa malo.

O Allah, dalitsani Mtumiki wanu Muhammad ndi akubanja kwake. O Allah, apatseni ana athu maphunziro opindulitsa ndi anzawo abwino, ndipo muwatalikitse ndi umboni wabodza. Apatseni mphamvu aphunzitsi awo. Chiritsani odwala athu, khululukirani akufa athu, tipatseni mvula ya madalitso, ndipo tetezani minda yathu. Ikani mtendere m'boma lathu la Chifunde, m'chigawo cha Tete ndi m'dziko lonse la Mozambique. Amin.

Imirirani ku Swala, ndipo muwongole mizere.